Mau a Mulungu kwa Anthu Ogontha

Boma la Chongwe liri kum'mawa kwa Lusaka, pa mseu waukuru wopita ku Chipata, ulendo wa makilomita ngati 45 kucokera mu mzinda. Limeneli ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikuru Nkomeshya Mukamambo II, ndipo muli mipingo yambiri ya Cikristu. Tsiku la Sabata m'mawa belu lilira, oyimba ayimba, mbusa kapena mkuru wa mpingo aimirira nalalikira. Zonsezi zilowera m'khutu. Koma m'midzi yomweyo, monganso m'makomboni a mu Lusaka ndi a ku Migodi, muli anthu amene belu siliwaitana, nyimbo siiwafika, ndipo ulaliki ungowapitirira. Ngakhale wailesi, imene inyamula mapemphero kufikira kwa odwala ogona m'nyumba, kwa iwo ndi bokosi cabe. Anthu amenewa ndiwo ogontha. Kodi Uthenga Wabwino ungawafike bwanji?

Liu limodzi losokoneza

M'Cinyanja liu lakuti kumva lisenza katundu wambiri. Munthu amva phokoso ndi khutu; amva tanthauzo la nkhani ndi nzeru; amva akuru pakucita cimene amuuza; amvanso njala ndi kuzizira. Cifukwa ca ici, mwana wogontha akaitanidwa osatembenuka, anthu anena kuti ndi wosamva, ndipo kawirikawiri akwapulidwa ngati wamwano makolo asanazindikire kuti bvuto liri m'makutu. Atakula, anthu aganiza kuti popeza samva mau, ndiye kuti nzerunso alibe. Ku Migodi ena amuitana cibulu, naiwala dzina lace lenileni. Kumeneku ndi kulakwa kwakukuru. Khutu ndi khomo limodzi lokha la nzeru, ndipo likatsekeka, khomo la maso likhalabe lotseguka.

Ugonthi si ufiti, si tsoka la makolo, ndipo si cilango ca chimo. Ana ena abadwa nao, makamaka ngati mai anadwala cikuku ca mtundu wochedwa rubella ali ndi pakati. Ena augwira atabadwa kale, cifukwa ca nthenda youmitsa khosi, cikuku, matsagwidi, malungo aakuru okwera kumutu, kapena mafinya a m'khutu osacizidwa msanga. Mankhwala ena amphamvu, monga kwinini ndi streptomycin, aononga makutu akapitirira muyeso. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linena kuti pa dziko lonse pali anthu 430 miliyoni amene ali ndi bvuto lalikuru la kumva, ndipo 34 miliyoni mwa iwo ndi ana. Linenanso kuti pa ana 10 otere, pafupi 6 sakanagontha kukanakhala katemera ndi cithandizo ca cipatala pa nthawi yace.

Pa ana 10 obadwa ogontha, 9 ali ndi makolo akumva bwino, amene sanakhalepo ndi munthu wogontha m'nyumba. Mwana aphunzira kulankhula pakumva mai wace. Cotero wogontha salankhula, osati cifukwa lilime lace liri lopunduka, koma cifukwa mau sanalowepo mwa iye. Zaka zisanu zoyamba ndizo nyengo imene ubongo wa mwana ugwira cinenero mosabvuta. Zikapita zaka zimenezi wopanda cinenero ciri conse, ca pakamwa kapena ca manja, maphunziro onse a m'tsogolo amlemera. Akuru anati mmera mpoyamba.

Cifukwa cace milomo siikwanira

Anthu ambiri aganiza kuti wogontha angathe kuwerenga mau onse pa milomo ya wolankhula. Koma munthu ataima pa kalilole nanena mau atatu awa, phala, bala ndi mbala, adzaona kuti milomo yace icita cimodzimodzi. Mau ena abadwira m'kati mwa kamwa ndi pakhosi, kumene diso silifika. Ndiponso Cinyanja cisiyanitsa mau ena ndi kukweza kapena kutsitsa liu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa nsaru pa msika alembedwa mofanana. Khungu la thupi ndi khungu la maso cimodzimodzinso. Khutu lisiyanitsa, koma diso silingathe. Tsono mlaliki woima patali, woyendayenda, wotembenukira uku ndi uku, ndani angawerenge milomo yace kwa ora lathunthu?

Ena anena kuti, mpatseni Buku Lopatulika awerenge yekha. Inde, Baibulo lathunthu la Cinyanja lakhalapo kuyambira caka ca 1922. Koma zilembo za m'buku ziimira mau a pakamwa, amene wobadwa wogontha sanawamvepo. Kwa iye Cinyanja kapena Cingerezi colembedwa ndi cinenero caciwiri, cophunzira ndi thukuta ku sukulu, ndipo ambiri a ku midzi sukuluyo sanaipondepo.

Cinenero ca manja

Mwana wogontha wa m'mudzi apangana zizindikiro ndi mai wace: ca nsima, ca madzi, ca kugona, ca kubwera. Zimenezi zithandiza pakhomo, koma mlendo sazidziwa, ndipo sizifika pa nkhani zakuya monga kukhululuka, lonjezo kapena kuuka kwa akufa. Cinenero ca manja ceniceni ndi cinthu cina. Cimabadwa pamene ogontha ambiri akhala pamodzi, ndipo cipatsirana kucokera ku mbadwo wina kufikira ku wina.

M'caka ca 1960 mphunzitsi wa ku America, William Stokoe, anaonetsa kuti zizindikiro za ogontha ziri ndi malamulo ace monga cinenero ciri conse. Cizindikiro cimodzi cidziwika ndi zinthu izi: mapindidwe a zala, malo pamene dzanja liima, kayendedwe kace, kumene cikhato ciyang'ana, ndi maonekedwe a nkhope. Cimodzi ca izi cikasintha, tanthauzo lisinthanso. Nsidze zokwezeka zingasandutse nkhani kukhala funso. Wosimba nkhani ya ana awiri aika wamkuru ku dzanja lamanja ndi wamng'ono ku lamanzere. Pambuyo pace angoloza malowo, ndipo onse oona adziwa amene anenedwa. Maina a anthu ndi a malo alembedwa ndi zala, cilembo cimodzicimodzi, koma munthu wozolowereka pakati pa ogontha apatsidwa dzina lace la manja, lotengedwa ku maonekedwe kapena makhalidwe ace.

Cinenero cimeneci si cimodzi pa dziko lonse. Bungwe la World Federation of the Deaf, lokhazikitsidwa ku Rome m'caka ca 1951, linena kuti ogontha ali 70 miliyoni, ndipo zinenero zao za manja ziri mazana. Anthu a ku Britain ndi a ku America alankhula Cingerezi onse, koma ogontha a maiko awiriwo samvana. A ku Britain alemba zilembo ndi manja awiri, a ku America ndi dzanja limodzi. Zambia nayenso ali ndi cinenero cace ca manja. Si Cinyanja ca m'manja, si Cibemba kapena Cisoli ca m'manja iai. Cifukwa cace wogontha wa ku Chongwe ndi wa ku Kitwe, ngati onse anapita ku sukulu, aceza bwino lomwe, pamene makolo ao angafune womasulira.

Mpingo unatsekereza, mpingo unatsegulanso

Kale lomwe ku Ulaya akuru ena a mpingo anawerenga Aroma 10:17, pamene Paulo agwirizanitsa cikhulupiriro ndi kumva uthenga, naganiza kuti munthu wobadwa wogontha sangaphunzire za cikhulupiriro. Koma m'Baibulo lomwelo, pa Levitiko 19:14, muli lamulo loletsa kutemberera wogontha. Ndipo pa Marko 7:31-37 pali nkhani ya munthu wogontha amene anabwera naye kwa Yesu. Owerenga ambiri athamangira ku cozizwa, osayang'ana cimene cinayamba kucitika. Yesu anamcotsa m'khamu namtengera pa yekha, anakhudza makutu ace ndi lilime lace, nayang'ana kumwamba. Zonsezi munthuyo anaziona ndi maso. Asanaciritsidwe, anayamba wauzidwa m'njira imene iye akanatha kuzindikira.

Ca m'ma 1760, wansembe wa ku Paris, Charles-Michel de l'Épée, anakumana ndi atsikana awiri apacibale, onse ogontha, amene mphunzitsi wao wa za Mulungu anali atamwalira. Anawaona akuceza ndi manja, nayamba kuphunzira kwa iwo, ndipo pambuyo pace anatsegula sukulu yaulere ya ogontha. Kucokera ku sukulu imeneyo kunaturuka mphunzitsi wogontha, Laurent Clerc, amene anaoloka nyanja pamodzi ndi mlaliki Thomas Gallaudet, natsegula sukulu ku Hartford, m'dziko la America, m'caka ca 1817.

Koma m'caka ca 1880 aphunzitsi a ogontha anasonkhana ku Milan, m'dziko la Italy, pafupi onse anthu akumva, napangana kuti ana aziphunzitsidwa ndi milomo yokha. Kuyambira pamenepo masukulu ambiri analetsa manja, ana nalangidwa akagwidwa akuceza ndi zizindikiro. Iwo sanaleke, anaceza mobisa m'nyumba zogona. Panapita zaka 130 kuti msonkhano wa mtundu womwewo, wocitikira ku Vancouver m'caka ca 2010, ukane poyera pangano la ku Milan.

M'Africa dzina lokumbukika ndi la Andrew Foster, munthu wakuda wa ku Alabama, wobadwa m'caka ca 1925, amene anagontha ndi nthenda youmitsa khosi ali ndi zaka 11. Anamaliza maphunziro pa Gallaudet College m'caka ca 1954, nakhazikitsa bungwe lace la Christian Mission for Deaf Africans m'caka ca 1956. Caka cotsatira anatsegula sukulu ku Accra, m'dziko la Ghana. Pofika caka ca 1987, pamene anafa pa ngozi ya ndege ku Rwanda, anali atatsegula masukulu oposa 30 m'maiko 13, makamaka kumadzulo ndi pakati pa Africa. Njira yace inali yophunzitsa ogontha eni ace kuti akhale aphunzitsi ndi alaliki.

Magwero

M'dziko lino nchito inayambira kum'mawa. Amishoni a Dutch Reformed Church, mpingo umene lero uchedwa Reformed Church in Zambia, anamanga pa Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, m'caka ca 1899. M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu pamenepo. Atamwalira iwo, Mai Ella Botes anapitiriza nchitoyo zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1955 pa Magwero pomwepo panatsegulidwa sukulu yoyamba ya ogontha m'dziko lino. Dzina la malowo linakhala loona: pamenepo ndipo panali magwero. Ana amene ali yense anali yekha m'mudzi wa kwao anapezana, ndipo manja ao anapeza oceza nao.

Pambuyo pace masukulu ena anatseguka, monga St Joseph's ya Akatolika kufupi ndi Kalulushi, St Mulumba ku Choma, ndi sukulu ya ku Senanga. Ku Malawi amishoni anacita cimodzimodzi pa Maryview ku Nguludi, pa Mua ndi pa Embangweni. M'caka ca 1971 Boma la Zambia linatenga udindo wa maphunziro a ana olemala, nilitsegula koleji ya aphunzitsi ao mu Lusaka, imene tsopano ichedwa ZAMISE. M'caka ca 1981 ogontha anapanga bungwe lao, Zambia National Association of the Deaf. Zambia anabvomera pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala m'caka ca 2010. Lamulo la maphunziro la caka ca 2011 linena kuti mwana amene cinenero cace ndi ca manja aphunzitsidwe m'cinenero comweco. Ndipo m'caka ca 2012 panadza lamulo la anthu olemala. Lero woonera nkhani pa wailesi ya kanema ya ZNBC aona womasulira ndi manja pa ngondya.

Kucokera ku Chongwe kufika ku Magwero pali makilomita oposa 500, ndipo si kholo liri lonse lingathe kutumiza kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri ulendo wotere. Koma Lusaka ali pafupi, ndipo ndiko kuli ZAMISE, bungwe la ogontha, ndi cigawo ca ophunzira ogontha pa sukulu ya Munali. Mipingo ya ku Chongwe, tsono, iri ndi mwai umene mipingo ya kutali iribe.

Baibulo loonedwa ndi maso

Cinenero ca manja sicikhala pa pepala, pakuti cifuna nkhope ndi kuyenda kwa manja. Cifukwa ca ici Baibulo la ogontha linacedwa kufikira kudza kwa makina ojambula zithunzi zoyenda. Womasulira wogontha aphunzira ndime, naima patsogolo pa kamera, naisimba. Anzace aona nakonza, ndipo ajambulanso kufikira tanthauzo litalunjika. Nchito yace njaitali. Bungwe la Deaf Missions ku America linayamba kumasulira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, nilimaliza Baibulo lonse m'caka ca 2020. Caka comweco a Mboni za Yehova anamaliza lao m'cinenero ca manja ca ku America, ndipo iwo amasuliranso zophunzitsa zao m'cinenero ca manja ca ku Zambia. Ku Kenya bungwe la DOOR International liphunzitsa ogontha a maiko osiyanasiyana kumasulira Malembo ndi kuyambitsa mipingo. Zinenero zambiri za manja zikalibe Baibulo lathunthu, koma ndime zimene zamasulidwa zingathe kufika m'mudzi pa lamya ya m'manja.

Zimene mpingo ungacite

Anthu a ku Chongwe adziwa kale njira ya nchito yotere. Bambo Jules Torrend, wansembe wa Cijezuiti amene anayamba mishoni ya Kasisi m'caka ca 1905, anali katswiri wa zinenero za anthu a kuno, nalemba mabuku a malamulo ace. Amishoni anazindikira kuti munthu salandira bwino uthenga m'cinenero ca eni. Pa Chalimbana napo aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira caka ca 1939. Cimene cinacitika ndi zinenero za pakamwa ciyenera kucitikanso ndi cinenero ca manja.

Coyamba ndi kuwafunafuna. Ogontha ambiri sabwera ku chalichi, ndipo ena abisidwa kuseri kwa nyumba alendo akafika. Akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano, amene adziwa khomo liri lonse, angathe kuwawerenga ndi kulimbikitsa makolo kupita ndi ana ku cipatala ndi ku sukulu.

Caciwiri ndi kuphunzira. Mpingo usankhe anthu awiri kapena atatu, uwatumize kukaphunzira, ndipo aphunzitsi ao akhale ogontha eni ace. Womasulira mmodzi sakwanira, pakuti nchitoyi itopetsa mutu ndi mapewa; ozolowera asinthana patapita mphindi 20 kapena 30. Ayenera kuuzidwa ndime ya ulaliki ndi nyimbo tsiku lisanafike. Aime kutsogolo, pafupi ndi mlaliki, pamene kuwala kugwa pa nkhope yace. Akaima zenera liri kumbuyo, oona angoona mthunzi. Kuphunzira kumeneku sikutha mwezi umodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacitatu ndi kukumbukira kuti moyo wa mpingo suthera pa Sabata. Pali kalasi ya ubatizo, pamene wogontha angabatizidwe osadziwa cimene wabvomera. Pali cilangizo ca ukwati, pamene ankhoswe alankhula ndi abale, eni ukwati atangokhala duu. Pali maliro, pamene mwana wogontha aona amai ace akuikidwa m'manda wopanda womfotokozera. Pali cipatala ndi polisi, kumene mtsikana wogontha wocitidwa coipa asowa womnenera, ndipo anthu oipa adziwa zimenezi. Womasulira pa malo otere asunge cinsinsi, ndipo anene zokhazo zimene mwini nkhani wanena, osaonjezera zace.

Cacinai ndi kucenjera ndi mapemphero a maciritso. Kupempherera wodwala ndi mwambo wa mpingo. Koma kukokera wogontha kutsogolo Sabata liri lonse, kumpfuulira m'khutu, ndi kumuimba mlandu wa kucepa cikhulupiriro akapanda kumva, kuthamangitsa ambiri. Ogontha oculuka sadziyesa odwala. Adziona ngati anthu a cinenero cao.

Cacisanu, ndico cacikuru, ndi kuwapatsa malo a utsogoleri. Womasulira ndi mlatho wokha. Kumene nchito yakhazikika, monga anaonetsera Andrew Foster, ndi kumene ogontha alalikira okha, aphunzitsa okha, nayimba nyimbo zao ndi manja, ng'oma ikugunda kuti aimve m'cifuwa ndi m'mapazi.

Mau kwa amuna a m'migodi

Pali ugonthi wina umene ubwera mwakacetecete pa ukulu. Phokoso lopitirira muyeso wa madesibelo 85, likamveka maora 8 tsiku ndi tsiku, lipha pang'onopang'ono timitsempha ta m'kati mwa khutu, ndipo timeneti tikafa sitiphukanso. Makina oboola mwala pansi pa mgodi apitirira muyeso umenewu kutali. Cizindikiro coyamba ndi kulira kwa m'makutu poweruka, ndi kulephera kumva mau pamene anthu ambiri alankhula pamodzi. Zotsekera m'makutu zimene kampani ipereka ziyenera kukhala m'makutu, osati m'thumba.

Munthu wogontha atakula asiyana ndi wobadwa nao. Iye alankhula bwino, koma cinenero ca manja sacidziwa, ndipo manyazi amkhalitsa kunyumba. Ambiri otere, atapuma nchito nabwerera ku mudzi, aleka kupita ku mapemphero, anthu naganiza kuti abwerera m'mbuyo. Cofunika kwa iwo ndi mpando wa kutsogolo, ndime zolembedwa pa bolodi, ndi mnzao wolankhula moyang'anana nao, momveka, osapfuula. Kuphunzira zizindikiro kungawathandizenso, iwo pamodzi ndi a m'nyumba mwao.

Tsiku la 23 September, kuyambira caka ca 2018, maiko akumbukira zinenero za manja. Mpingo wofuna kuyamba usadikire tsiku limenelo. Pa msonkhano wa akuru wotsatira, mmodzi afunse kuti m'midzi ya cigawo cao muli ogontha angati, maina ao ndani, ndipo ndani adzapita ku Lusaka kukaphunzira kuceza nao.